Ndili ndi shuga, kodi a inshuwalansi ya moyo angandilandire?

"Ndine bambo wa zaka 47, ndimakhala ku Ulónguè m'boma la Angónia, ku Mozambique. Ndimapikula mbatatesi kwa alimi a ku Tsangano ndi ku Domué n'kumakagulitsa mumzinda wa Tete. Mu 2021 anandipeza ndi matenda a shuga, ndipo chaka chatha anawonjezera kuti magazi akuthamanga. Mankhwala ndimamwa tsiku lililonse. Pano ndikufuna ngongole ya kubanki yogulira kalole kanga, koma andiuza kuti ndiyambe ndadula seguro de vida, yomwe ndi inshuwalansi ya moyo. Pafomu pali funso la matenda. Mnzanga wandilangiza kuti ndingolemba kuti ndilibe vuto lililonse poti pamaso ndimaoneka wathanzi, ati ndikanena zoona andikana. Ndili ndi mkazi ndi ana anayi, wamng'ono ali ndi zaka 6. Nditani?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanagwire cholembera. Mtima ukhale m'malo. Pa zaka zoposa 15 zomwe ndakhala ndikulumikiza anthu ndi makampani a inshuwalansi kuno ku Tete, ndaona odwala shuga ambiri akulandiridwa, ena a iwo aakulu kuposa inu. Matendawa sakutsekerani khomo. Chomwe amachita ndi kuchedwetsa zinthu pang'ono ndi kukweza mtengo. Koma malangizo a mnzanuwo, ngakhale akuchokera mumtima wabwino, musawatsate, ndipo ndiyamba ndi chifukwa chake poti ndi pomwe pali nkhani yaikulu.

Chaka china kuofesi kwanga kunabwera mayi wamasiye wochokera cha ku Moatize. Mapepala a amuna awo anawaika m'kajumbo ka pulasitiki, n'kukulunga m'kansalu, ndipo pomasula mfundo manja awo ankanjenjemera. Munali apólice (pepala la mgwirizano wa inshuwalansi), malisiti onse a zaka zitatu atawasanja bwinobwino mwezi ndi mwezi, kalata ya imfa, ndi kalata ina ya m'Chipwitikizi yomwe sanaimvetse. Anandipempha kuti ndiwawerengere. Kalatayo inkati kampani silipira, chifukwa malemu polowa analemba kuti alibe matenda aliwonse, pomwe zolemba za kuchipatala zinkasonyeza kuti ankalandira mankhwala a shuga zaka zingapo asanasaine fomuyo. Mayiwo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga ndalama zonse ankaperekazi zinali za chiyani?" Ndinasowa choyankha. Bamboyo sanali wakuba. Ankafunira banja lake zabwino, ndipo mwina wina anamulangiza monga momwe akulangizirani inuyo. Mpaka lero kajumbo kaja sindinakaiwale.

Akuluakulu anati bisani matenda, maliro tidzamva. Pankhani ya inshuwalansi mwambiwu umachitika ndendende. Tsiku losaina fomu kampani imakhulupirira mawu anu, mwina osakupimani n'komwe ngati ndalama yake ndi yochepa. Kufufuza kwenikweni kumabwera munthu atamwalira, pomwe amaitanitsa kalata ya dokotala yonena chomwe chapha munthu ndi mbiri ya kuchipatala. Inu nthawi imeneyo kulibe, simungadzifotokozere. Wotsala ndi vutolo ndi mayi a kunyumba. Lamulo lalikulu la za inshuwalansi m'dziko muno, Decreto-Lei 1/2010 ya pa 31 Disembala 2010, limaika udindo pa wolowa inshuwalansi kuti anene moona zonse zomwe akudziwa zokhudza chiopsezo chake. Wobisa dala amapatsa kampani mphamvu yokana kulipira. Kwa inu zikanapweteka kawiri: inshuwalansi ikakana, ngongole ya kubanki imakhala ilipobe, ndipo kalole komwe mumati kadzasamale ana kakhoza kulandidwa.

Tsono tiyeni tione zomwe zimachitika mukalemba zoona. Anthu ambiri amaganiza kuti wakampani akangoona mawu oti shuga amang'amba fomu. Sizitero. Funso lomwe amakhala nalo ndi lakuti, shuga wa munthuyu wamufikitsa pati, ndipo akumusamala bwanji? Amayamba ndi mtundu wake. Pali shuga woyamba munthu ali mwana kapena wachinyamata, wofuna jakisoni wa insulini moyo wonse, ndipo pali wobwera munthu atakula, womwe ambiri amauwongolera ndi mapiritsi monga metformin, kudya mosamala ndi kuyendayenda. Poti anakupezani muli ndi zaka za m'ma 40 ndipo mwangotchula zomwa mankhwala, ndikuganiza kuti wanu ndi wachiwiriwu, womwe makampani amaulandira mosavuta kusiyana ndi woyamba uja. Amaonanso zaka zomwe mwakhala nawo, chifukwa shuga amawononga pang'onopang'ono ngati chiswe, ndipo yemwe anayamba ali ndi zaka 25 wayenda naye ulendo wautali kuposa inu.

Chomwe amachiyang'anitsitsa kwambiri ndi kuyeza kwa magazi kotchedwa HbA1c. Kuyeza kobaya pachala kuja kumangonena za shuga wa nthawi yomweyo, mwina mutangodya nsima kapena musanadye kanthu. HbA1c imaonetsa momwe shuga wakhalira m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayi. Madokotala amati munthu ali ndi matendawa ikafika 6.5 pa 100 kapena kupitirira, ndipo kwa odwala ambiri cholinga chimakhala kuisunga pansi pa 7. Munthu wobwera ndi 6.8 ndi wina wobwera ndi 10 onse ali ndi shuga, koma kwa wakampani ndi anthu awiri osiyana kutalitali. Kenako amafuna kudziwa ngati matendawa akhudza impso, maso, mitsempha ya kumapazi kapena mtima. N'chifukwa chake angakutumizeni kukayezetsa mkodzo kuti aone ngati mukutuluka mapulotini, ndi magazi kuti aone creatinina, yomwe imasonyeza momwe impso zikugwirira ntchito.

Kuthamanga kwa magazi, komwe ambiri kuno timangoti tensão, sikuti ndi kachinthu kongowonjezera. Shuga ndi tensão zikakhala pamodzi zimathandizana kuwononga impso ndi mitsempha ya magazi, ndipo chiopsezo cha sitiroko chimakwera. Wakampani amadziwa zimenezi. Koma apanso chofunika ndi manambala. Ngati pakhadi lanu pakuoneka kuti miyezi yambiri motsatizana mwakhala pansi pa 140/90, nkhani imapepuka. Ngati mumasuta fodya, ndikuuzeni mosabisa kuti fodya pamwamba pa shuga ndi tensão ndi amene amakweza mtengo kwambiri, nthawi zina mpaka kukanitsa munthu. Kwathu kuno fodya ndi mbewu yomwe yaphunzitsa ana ambiri ku Angónia ndi ku Macanga, koma kulima ndi kusuta ndi zinthu ziwiri.

Akaona zonsezi, yankho limabwera mwa njira zingapo. Lomwe ndimaliona kawirikawiri kwa munthu wosamala mankhwala ndi lakuti talandira, koma mulipira mowonjezera. Tiyerekeze kuti mnzanu wa msinkhu wanu wopanda matenda akulipira mameticais 1,000 pamwezi, inu angakuuzeni 1,500 kapena 2,000 pa chitetezo chofanana. Manambalawa ndangopereka ngati chitsanzo, mtengo weniweni umadalira kampani, zaka zanu ndi zotsatira za kuchipatala. Zimawawa, ndikudziwa, koma imeneyo ndi inshuwalansi yomwe idzalipiredi. Nthawi zina amati dikirani kaye miyezi 6 kapena chaka, makamaka ngati matenda angopezeka kumene kapena manambala ali pamwamba. Ambiri akamva zimenezi amagwa ulesi n'kuganiza kuti akanidwa, pomwe apatsidwa nthawi yokonza zinthu n'kubwereranso. Kukana kwenikweni kumachitika makamaka pomwe impso zayamba kufooka, munthu anadwalapo sitiroko kapena mtima, kapena anadulidwa chala kapena mwendo chifukwa cha shuga. Pali ena amene amalandira munthu koma n'kulemba kuti imfa yobwera ndi shuga sadzalipira. Chiganizo chimenechi muchisamale kwambiri. Shuga amakhudza mtima, impso ndi ubongo, ndiye pafupifupi imfa iliyonse ya matenda angathe kuikokera kwa shuga. Ine ndimalangiza anthu kuti bola kulipira mowonjezera kusiyana ndi kuvomera zoterozo.

Musanabwerere kubanki, konzekerani ngati munthu wopita kumlandu ndi mboni zake. Tengani khadi la kuchipatala lomwe amalembamo masiku omwe mumapita, mapepala a mankhwala, ndi zotsatira zonse zomwe muli nazo kuyambira 2021. Ambiri a ku Angónia nthawi zina amawoloka malire pa Calómuè kukaonana ndi madokotala ku Dedza, kapena amapita ku Ntcheu. Ngati inunso mumatero, kabuku ka chipatala ka ku Malawi kaja musakasiye kunyumba, chifukwa popanda iko mbiri yanu idzaoneka ya mipata ngati munthu wothawa mankhwala. Pemphani dokotala kapena técnico (wothandiza dokotala) amene amakuonani ku Hospital Rural de Ulónguè akulembereni kalata yachidule yonena mtundu wa shuga, chaka chomwe anaupeza, mankhwala omwe mukumwa, ndi ngati pali zovuta zina. Ngati HbA1c simunayezetsepo, poti mumapita kale ku Tete ndi mbatatesi, funsani ku Hospital Provincial de Tete kapena kumalabotale a mumzindamo. Ndi bwino kudziwa nambala yanu inu eni ake wakampani asanaidziwe. Ikapezeka ili pamwamba, ndipo ngongoleyo ingathe kudikira, gwirani ntchito ndi dokotala wanu miyezi itatu kapena inayi, muyezetsenso, kenako mukalembe fomu. Kumeneko si kubera, ndi kukonza thupi lanu lomwe.

Kubera ndi komwe ena amachita, kudzimana chakudya masiku awiri kapena kumwa mapiritsi owirikiza kuti tsiku loyeza shuga atsike. Chonde musayese. HbA1c simungainamize ndi njala ya masiku awiri, ndipo ngati mwa mankhwala anu muli glibenclamide, kuwonjezera mlingo musanadye kungagwetse shuga mpaka kukomoka. Taganizani zitakuchitikirani muli pamwamba pa matumba m'lole, kutsika mapiri kulowera kotentha kwa ku Moatize.

Pali chinthu china chomwe abanki sachifotokoza bwino nthawi zonse. Seguro de vida yomwe akukupemphani ndi yoteteza ngongole. Mukamwalira, kampani imalipira banki ndalama yotsala, ndipo banja limatsala ndi kalole kopanda ngongole. Ndi chinthu chabwino ndithu, koma kawirikawiri mayi a kunyumba salandira ndalama m'manja. Mwana wa zaka 6 uja ali ndi ulendo wa sukulu wa zaka zoposa khumi kutsogoloku. Ngati mukufuna kuti papezeke ndalama ya fizi ndi chakudya, imeneyo ndi inshuwalansi ina yapadera, ya zaka zowerengeka monga 10 kapena 15, yomwe imakhala yotsika mtengo kusiyana ndi ya moyo wonse. Funsaninso kubankiko ngati amalola kuti mubweretse apólice ya kampani ina m'malo mwa yomwe iwo amagwira nayo ntchito. Makampani saona chiopsezo mofanana, wina akakana kapena kukweza kwambiri, wina angakulandireni pamtengo wabwinoko. M'dziko muno muli EMOSE, yomwe yakhalapo kuyambira 1977, komanso Hollard, Sanlam, Fidelidade ndi ena. Corretor wovomerezeka, yemwe ndi mkhalapakati wolumikiza anthu ndi makampani a inshuwalansi, angakufunsireni kwa angapo nthawi imodzi. Ndipo fomu ina ikadzafunsa ngati munakanidwapo kwina, apanso nenani zoona.

Nanga onse atakana? Sindikuyembekeza kuti zifika pamenepo malinga ndi zomwe mwalemba, koma njira zilipo. Yoyamba, yomwe amalonda ambiri amainyalanyaza, ndi INSS, bungwe la boma loona za penshoni ndi chitetezo cha ogwira ntchito. Anthu amaganiza kuti ndi ya olembedwa ntchito okha, omwe amadulidwa 3 pa 100 ya malipiro bwana n'kuwonjezera 4. Koma wodzilemba yekha ntchito ngati inu angathenso kulembetsa n'kumapereka yekha 7 pa 100 ya ndalama yomwe wanena kuti amapeza. Kumeneko sakweza mtengo chifukwa cha shuga. Munthu akamwalira atakwanitsa nthawi yofunika yopereka, banja limatha kulandira thandizo la maliro, ndalama ya imfa, ndi penshoni ya otsala. Si chuma chambiri, koma ndi maziko. Pitani kuofesi yawo ndi BI (chiphaso cha unzika) ndi NUIT (nambala ya msonkho) mukafunse miyezi yomwe muyenera kupereka kuti banja likhale ndi ufulu umenewu. Ine ndikanakonda mutalembetsa ngakhale kampani ya inshuwalansi itakulandirani.

Ina ndi inshuwalansi ya gulu. Ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Moatize kapena m'makampani aakulu nthawi zambiri amatetezedwa onse pamodzi, ndipo mpaka pa mlingo wina wa ndalama safunsidwa za matenda aliyense payekha. Ngati muli m'bungwe la amalonda kapena la alimi lolembetsedwa, nkhaniyi ndi yoyenera kuikambirana pamsonkhano. Palinso inshuwalansi ya maliro, yomwe mafunso ake a zaumoyo amakhala ochepa kapena kulibiretu, koma imakhala ndi nthawi yodikira, yomwe pamapepala amailemba kuti período de carência. Munthu akamwalira ndi matenda nthawiyo isanathe, salipira. Funsani kuti ndi miyezi ingati. Inshuwalansi ya ngozi nayo ndi yotsika mtengo ndipo kwa munthu wokhalira pamsewu ngati inu ndi yothandiza, kungoti imalipira imfa ya ngozi yokha, osati ya matenda. Ndaonapo mabanja akusokoneza ziwirizi. Xitique (chipereganyu) ndi magulu osunga ndalama a m'mudzi musawasiye, amathandiza pomwe pepala silifika.

Poti ambiri owerenga ali ndi matenda ena okhalitsa, ndinene mwachidule kuti maganizo ake ndi omwewa. Wodwala mphumu yemwe sagonekedwagonekedwa m'chipatala kawirikawiri savutika. Wa khunyu amafunsidwa kuti anagwa liti komaliza. Yemwe anadwala TB n'kumaliza mankhwala asunge pepala losonyeza kuti anachira. Wa khansa nthawi zambiri amauzidwa kudikira zaka zingapo atamaliza chithandizo. Za HIV zasintha kwambiri poyerekeza ndi pomwe ndinkayamba ntchitoyi. Kale linali khomo lotseka, koma lero munthu womwa ma ARV mokhulupirika, amene kachilombo sikakuonekanso poyeza magazi, ali ndi poyambira kukambirana, ngakhale si kampani iliyonse yomwe ingamulandire. Pa onsewa, chomwe chimalankhulira munthu ndi khadi la kuchipatala lodzaza bwino.

Mukalandiridwa, pali zinthu zomwe zimagwetsa anthu ngakhale ananena zoona. Malonda a mbatatesi ali ndi nyengo, miyezi ina ndalama imayenda, ina kuli gwa. Apólice ikadumpha malipiro kupitirira masiku omwe analola, imafa. Kwa munthu wathanzi kuidzutsa n'kosavuta, koma inu angakupimeninso, ndipo mudzakhala mutakulirapo, mwina shuga atasunthanso. Choncho ngati n'kotheka pemphani kulipira kamodzi pachaka, nthawi yomwe malonda ali pakolo. Ndalama perekani kuakaunti ya kampani kapena pa nambala yake yovomerezeka ya M-Pesa kapena e-Mola, osati pa nambala ya munthu, ndipo lisiti lililonse musunge. Wina akabwera pamsika ndi mafomu n'kumati iye safuna za madokotala, mufunseni umboni woti ndi wovomerezeka ndi bungwe la boma loyang'anira za inshuwalansi. Kumeneko n'komwenso mungakadandaule kampani ikakuchitirani zosayenera. Fomu musalole kuti wina akulembereni inu n'kungosaina pansi. Ndakumanapo ndi anthu amene ananena pakamwa kuti ali ndi shuga, wolembayo n'kuchonga "não", kutanthauza ayi, pofuna kuti zithe msanga alandire gawo lake. Siginecha ndi yanu, mlandu ndi wanu. Ngati Chipwitikizi cha m'mapepala chikuvutani, ndipo chimavuta ngakhale ophunzira, pitani ndi munthu womukhulupirira akuwerengereni mzere ndi mzere, ndipo mutenge kope la fomu yomwe mwasaina.

Malo olemba beneficiário, yemwe ndi wodzalandira ndalama, musawasiye opanda kanthu, ndipo musangolemba kuti banja langa. Lembani maina athunthu monga alili pa BI, ndi gawo la aliyense. Tonse tikudziwa zomwe zimachitika pamaliro ena kwathu kuno, achibale akuchimuna atakhala pansi kugawana katundu, mayi ndi ana n'kubwerera kwawo chimanjamanja. Ndalama ya inshuwalansi imapita kwa yemwe dzina lake lalembedwa. Ana akadali aang'ono, funsani kampani kuti ndani angawalandirire. Ndipo mayi a kunyumba adziwe kuti apólice ilipo, ili kampani iti, ndipo mapepala ali pati. Kukamba za imfa ndi mkazi wako si kulodza, ngakhale ambirife timachita nazo mantha.

Za thupi lanu ndi za madokotala, ine si dokotala, koma mafaelo omwe ndawerenga andiphunzitsa zizindikiro zosafunika kudikira nazo tsiku lolembedwa pakhadi. Chilonda cha kuphazi chosapola, dzanzi kapena kutentha kumapazi, maso kuyamba kuona mwachimbuuzi, miyendo kutupa, mkodzo wochita thovu kwambiri, zonsezi pitani nazo kuchipatala sabata yomweyo. Kupweteka pachifuwa, pakamwa kupindika, kapena mkono kufooka mwadzidzidzi, kumeneko ndi kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Maso ndi impso muziyezetsa kamodzi pachaka ngakhale musakumva kalikonse, chifukwa zimayamba kuwonongeka mwakachetechete. Paulendo wa ku Tete mapiritsi asamakhale padashibodi padzuwa, ndipo muthumba muzikhala ndi kashuga kapena switi ngati mankhwala anu ndi ogwetsa shuga. Bungwe la odwala shuga m'dziko muno, AMODIA, limaphunzitsa za kadyedwe ndi kudzisamalira, mukafunse kuchipatala ngati ali ndi gulu pafupi nanu.

Sabata ino yambani ndi kalata ya dokotala ndi HbA1c. Zikatuluka, ndilembereninso nambala yake, manambala a tensão a miyezi itatu yapitayi, kuchuluka kwa ngongole ndi zaka zobwezera, ndipo tidzaonere limodzi ngati ndi nthawi yolemba fomu kapena yodikira kaye pang'ono.